Lipoti la msonkhano wa ku Johannesburg: ntchito za kuseri kwa kamera

Wapampando, akomiti ndi anzanga nonse a m'gulu lathu la ojambula,

Munandituma ku msonkhano wa masiku atatu wa anthu opanga mapologalamu a pa kanema oonetsa anthu m'moyo wawo weniweni, ngati Big Brother uja, ndipo ndabwerako bwino. Tinadutsa pa Mwanza, Tete, Nyamapanda mpaka Beitbridge, pomwe miyendo inatupa ndi kuima pamzere. Malisiti onse ndapereka kwa msungichuma, chenji chomwe, ndiye pasakhale manong'onong'o.

Funso munandipatsira linali limodzi: mwana wa ku Ndirande kapena ku Chilomoni angalowe bwanji m'ntchito imeneyi? Ndivomereze kuti ndinanyamuka ndi maganizo a tonsefe, oti Big Brother ndi anthu okhala m'nyumba aja. Tikamacheza timatchula Amalawi amene analowamo: Zein Dudha wa mu 2003, Code Sangala, Hazel Warren yemwe anafika tsiku lomaliza mu 2008, Mzamo, Lomwe, Fatima Nkata. Koma sindinamvepo wina wa ife akufunsa kuti amene ankatsatira Code ndi kamera 2 koloko ya usiku, tonse tili mtulo, anali ndani. Msonkhano wonse unali wa anthu amenewo.

Bambo wina wojambula anatifotokozera mmene nyumba ija imamangidwira. Magalasi omwe timaona anthu akudziyang'anirapo pometa ndi oonekera mbali imodzi. Kuseri kwake kuli kanjira kamdima kozungulira nyumba yonse, ndipo ojambula amavala zakuda, kumayenda monyang'ama, osatsokomola, osayatsa foni, chifukwa kuwala pang'ono kokha kumawaulula. Makamera ena ndi omangirira kukhoma, amawatembenuza ali kuchipinda cha mawailesi a kanema ambirimbiri komwe mkulu wa zithunzi amasankha yoti ipite kwa oonera. Ntchito siima usana ndi usiku, anthu amangosinthana mashifiti. Big Brother Africa woyamba anatenga masiku 106. Ganizirani tulo ta anthu amenewo.

Koma chomwe chinanditsegula maso ndi ntchito yomwe iwo amati logger. Munthuyu sagwira kamera. Amakhala pa kompyuta, mahedifoni kumakutu, kulemba chilichonse chochitika ndi nthawi yake yeniyeni, ola, mphindi ndi sekondi: uje walowa kukhitchini, uje wabisa shuga, uje wayamba kulira. Madzulo opanga nkhani akamasaka mphindi zochepa zoti zionetsedwe kuchokera m'maola 24, saonera zonse, amawerenga zolemba za logger. Iye akagona, nkhaniyo yatayika ngakhale kamera inajambula.

Tsiku lachiwiri anatiyesa. Anatiikira kanema wa mphindi makumi awiri wa anthu anayi akuphika, n'kuti aliyense alembe. Ine ndinadzikhulupirira, paja maukwati ndajambula osawerengeka. Ndinalemba za mkangano wa awiri omwe ankakuwa chifukwa cha mchere, ndinadzaza tsamba lonse. Mayi amene ankatiphunzitsa, yemwe anayambira pa ntchito yomweyi asanakhale mkulu wa opanga nkhani, anabweza kanemayo n'kutiloza mtsikana wa pakona. Nthawi yonseyo sanayankhule, koma pomwe mnyamata wina anatchula dzina la mnzake, anasiya kusenda anyezi, n'kuika mpeni pansi pang'onopang'ono. Nkhani ya sabata yonse inali pamenepo. Pa tsamba langa mtsikanayo sanatchulidwe n'komwe. Manyazi anandigwira, koma ndinakumbukira kuti nafenso pa ukwati timathamangira kujambula pelekanipelekani, kusiya agogo a mkwatibwi akupukuta misozi ndi chitenje kumbuyo kwa holo.

Pafupifupi onse amene anayankhula anayambira pansi: kulemba kumeneku, kapena kutumidwatumidwa, kunyamula mawaya, kutchaja mabatire a maikolofoni, kugula chakudya cha anthu ogwira usiku. Amene amafika nthawi yake ndi kutseka pakamwa ndiye amaitanidwanso. Zotseka pakamwazi si nthabwala, aliyense amasainira kuti saulula za m'katimo, ndipo amene wanong'oneza chibwenzi chake kuti wotuluka sabata ino ndi ndani, dzina lake limafalikira makampani onse.

Ndisakunamizeni kuti ndi ntchito yokhazikika. Ndi ganyu wamkulu chabe, kontrakiti ikatha pologalamu, nawe watha, uyambenso kusaka. Anatikumbutsa za September 2014, pomwe nyumba ya Big Brother ku Sasani Studios, mu Johannesburg, inapsa kutangotsala masiku ochepa kuti ayambe, mpaka kuyamba kwake kunasunthira mu October. Chaka chimenecho ndicho chinali chomaliza cha Big Brother Africa. Otsatira ake, monga Big Brother Naija, Big Brother Mzansi ndi Titans wa mu 2023, Amalawi mulibemo. Kugwira ntchito ku South Africa kumafunanso chilolezo cha boma, ndiye amene akuganiza zongokwera basi ndi kamera m'chikwama, akathera kutsuka magalimoto.

Gawo la tsiku lomaliza linali la ulemu wa anthu ojambulidwa. Lamulo lawo n'lakuti munthu asaoneke pa kanema asanasaine chikalata chovomereza, ndipo mapologalamu akuluakulu amakhala ndi katswiri wa za maganizo wothandiza opikisana akatuluka. Panabuka mtsutso wotentha pa za odula zithunzi omwe amalumikiza mawu a Lolemba ndi nkhope ya Lachinayi kuti munthu aoneke woipa. Ine ndinaimika dzanja n'kuwauza za kwathu, kuti mu 2003 Nyumba ya Malamulo inaletsa wailesi ya kanema ya TVM kuonetsa Big Brother ponena kuti akuononga chikhalidwe, mpaka khoti lalikulu linachotsa chiletsocho. Ambiri anaseka, koma mfundo yanga inali yoti wodula zithunzi ayenera kudziwa anthu amene akuwaonetsa. Zomwe zimadutsa ku Johannesburg, kwathu kuno zingakuitanitse kwa amfumu.

Khomo lapafupi kwa ife lili ku Lusaka. MultiChoice Talent Factory, yomwe inayamba mu 2018, ili ndi sukulu kumeneko ya mayiko a kum'mwera kwa Africa kuno, zina zili ku Nairobi ndi Lagos. Maphunziro ake ndi olipiriridwa, ndipo Amalawi apitako kale. Ofunsira amakhala ochuluka malo ali ochepa, choncho m'pofunika kukhala ndi ntchito yoonetsa, osati kungonena kuti ndimakonda kanema.

Pempho langa ku komiti ndi ili. Kuyambira ukwati wa mwezi wamawa, pakhale munthu mmodzi wosagwira kamera, wongolemba nthawi ndi zochitika, tizisinthana, ine ndiyamba. Ndalama yomwe timasungira kamera yachitatu ija tiganizirenso, tigule kaye maikolofoni awiri omangirira pa malaya, chifukwa zithunzi zathu n'zabwino koma mawu amamveka ngati tajambulira m'chigayo. Chikalata chovomereza ndabwera nacho chitsanzo chake, chikufunika munthu wochimasulira m'Chichewa tisanakumane Loweruka. Amene angadzipereke andipeze ku ofesi, mapepala onse ali m'kabati ya mlembi.