Poyeza khomo la chiberekero tiyezenso mawere

Akonzi,

Okutobala akafika timaona malaya apinki ndi maulendo andawala odziwitsa anthu za khansa ya m'mawere m'matauni, koma amayi ambiri akumafikabe kuchipatala chachikulu bere litaphulika kale chilonda. Bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse la WHO likuti mu 2022 khansa ya m'mawere inapha amayi pafupifupi 670,000 pa dziko lonse.

Chimene chikutipusitsa n'chakuti chotupa cha khansa kawirikawiri sichipweteka poyamba. Kamakhala kambulu kolimba ngati nzama youma, mayi n'kumati palibe kanthu. Ena amakatemera mphini. Oyamwitsa amamwa mankhwala a chithupsa kawiri katatu poganiza kuti ndi mkaka waundana. Bere likapanda kuphwa mankhwala atatha, mayiyo atumizidwe kuchipatala chachikulu, osamuwonjezeranso mapiritsi ena.

Kudziyeza n'kwa kamodzi pamwezi, patapita masiku angapo msambo utatha, chifukwa nthawi imeneyi mawere amakhala ofewa. Amene anasiya kusamba angosankha tsiku limodzi lokhazikika. Imani pagalasi manja ali pansi, kenako muwakweze. Onani ngati nsonga ya bere yalowa m'kati, ngati ikutuluka magazi, kapena ngati khungu lachita timaenje ngati khoko la lalanje. Mukatero gonani chagada, chitenje chopinda pansi pa phewa, n'kumasisita mozungulira ndi zala zitatu zapakati mpaka m'khwapa. Osatsina ayi: mukatsina, bere labwinobwino limamveka ngati lili ndi chotupa. Abambo nawonso amadwala matendawa, ngakhale ndi ochepa.

Pempho lathu ku Unduna wa Zaumoyo ndi ili: mayi wobwera kudzayezetsa khomo la chiberekero, kudzatenga njira yolera kapena kusikelo, namwino amuyezenso mawere ndi manja. N'zamphindi zochepa, sizifuna magetsi kapena makina. Makina ojambula mawere a mammogram ndi ochepa kuno kwathu, komanso savumbula bwino m'mawere olimba a amayi achichepere.

Koma kupeza chotupa si kumaliza. Chotsimikiza kuti ndi khansa n'kutapa kanyama n'kukakayeza ku labotale, ndipo apa ndi pamene odwala amasowa: ndalama yokwerera kupita ku Queen Elizabeth, Kamuzu Central, Zomba kapena Mzuzu palibe. WHO imati kuyambira tsiku limene mayi wafika kuchipatala koyamba, zoyeza zonse zithe pasanathe masiku 60. Chipatala chilichonse chikhale ndi kaundula wa otumizidwa, ndipo alangizi azaumoyo azilondola kumudzi aliyense amene sanakafike.

Anamwino okhudzidwa,
Lilongwe