Wolonjeza mafuta otchipa atiuzenso amene alipire msewu

Akonzi,

Ndipatseniko danga ndiyankhulepo za msonkho wa mafuta. Ine ndimadyera galimoto kuno ku Joni, kunyamula katundu wa abale kukasiya ku mabasi opita kumudzi, ndiye Lachitatu loyamba la mwezi, tsiku limene mtengo wa mafuta umasintha, ndimalidziwa kuposa tsiku langa lobadwa.

Ambirife timayesa kuti msonkho umene timalipira pa pampu ndi wokonzera misewu. Nanenso ndinkayesa choncho mpaka tsiku limene tayala langa linaphulika m'dzenje mvula ili pakati, nditasenza mafiriji awiri a eniake. Nditafufuza ndinapeza kuti msonkho waukuluwo umagwera m'thumba limodzi la boma, momwe mumachokera za zipatala, za apolisi ndi zobwezera ngongole. Umboni wake ndi wa 2025: ganizo lokweza VAT, msonkho wa pa zogula, litakanika, nduna ya zachuma a Enoch Godongwana anakweza msonkhowu ndi masenti 16 mu June, n'kufika R4.01 pa lita ya petulo. Ankatseka dzenje la mu bajeti, osati la mumsewu. R2.18 ina pa lita yomweyo inali ya Road Accident Fund, yothandiza ochita ngozi.

Za e-toll, matogeti a makina olipiritsa galimoto osaima, ndiye zimandipweteka mutu. SANRAL, bungwe la boma loona za misewu ikuluikulu, inakongola ndalama n'kukulitsa misewu ikuluikulu ya Gauteng, ndipo kulipiritsa kunayamba mu December 2013. Anthu anakana kulipira, nane ndinali momwemo, sindibisa. Mu April 2024, kutatsala masabata ochepa kuti chisankho cha pa 29 May chichitike, makinawo anazimitsidwa. Tinaomba m'manja. Koma ngongole sinazime nawo limodzi: boma lalikulu linasenza magawo 70 pa 100, chigawo cha Gauteng n'kusenza 30 otsalawo. Ndalamazo zikuchokerabe m'matumba athu, kuphatikizapo thumba la mayi wogulitsa matemba ndi ufa ku Mayfair amene alibe ngakhale njinga. Pamenepo ndinachita manyazi pang'ono.

N'chifukwa chake wandale akaima pa nsanja n'kunena kuti atsitsa mafuta, achotsa matogeti, komanso misewu ikhala yosalala ngati galasi, ine ndimadikira chiganizo chachinayi chonena komwe kuchokere ndalama. Sichibwera. Mu 2022 boma lino linachotsadi R1.50 pa lita kwa miyezi yowerengeka, koma linanena poyera kuti n'zakanthawi, ndipo msonkhowo unabwerera. Amene akuti angauchotseretu atiuze sukulu kapena chipatala chimene atseke.

Mwina mufunsa kuti zikundikhudza bwanji poti kuno sindivota. Zoona, ndipo ngakhale kwathu sindivota pokhapokha nditakwera basi. Koma pampu safunsa pasipoti.

Kwathuko nkhani yake ndi yomweyi. Mumtengo wa mafuta umene MERA, bungwe loona za mafuta ndi magetsi, imalengeza muli kale ndalama ya misewu, kenaka tinaonjezerapo matogeti pa Chingeni ndi pa Kalinyeke. Mtengo utagwiridwa dala kuti usakwere, tinaona anthu akugona pa mizere ya mafuta ndi zigubu. Achimwene anga amene amayendetsa minibasi pa M1 ndawauza kuti ofuna mavoti akadzabweranso, asadzafunse za mtengo wa lita. Adzafunse kuti ndalama za pa Chingeni zakonza makilomita angati, ndipo ndi ati.

Wowerenga wanu,
Rosettenville, Johannesburg