Mlandu wa ku Fomu 3 wanditsatira mpaka ku Joni

Akonzi,

Ndiloleni ndiulule tchimo langa m'nyuzipepala yanu, popeza kutchalitchi zandikanika. Ndine bambo wa zaka 47, ndimakhala ku Rosettenville kuno ku Johannesburg, ndipo pali munthu amene ndakhala ndikumusungira chakukhosi kuyambira 1996 chifukwa cha kalata ya tsamba limodzi.

Chandiutsa kuti ndilembe ndi filimu. Lamulungu lapitali mwana wanga wamkazi, amene ali giredi 11 konkuno, anabwera ndi laputopu yake nati, "Adadi, takhalani pansi muone izi, museka." Inali filimu yanthabwala ya ku America. Dzina ndalisiya dala, sindikutsatsa malonda a eni. Amuna awiri, mimba zitatuluka, dazi litayamba, akumana pamwambo wokumbukira kuti patha zaka 25 chimalizireni sekondale. Wina anali katswiri wa mpira, wina anali wa mabuku uja aliyense ankamutola. Moni wake wokoma, mano panja. Koma posakhalitsa ayamba kupikisana: galimoto ya ndani, nyumba ya ndani, mwana wanzeru ndi wa ndani, mpaka kugendana ndi keke akazi awo akuonerera. Ndinaseka mpaka kutsamwa. Ndinati anthu awa akhuta, alibe chochita. Mayi akunyumba anali pakona akusita mayunifolomu, ndipo osacheuka n'komwe anangoti, "Abambo, inu mukuseka chiyani? Anyani amasekana zikundu." Kuseka kunathera pompo.

Ine ndinayamba Fomu 1 mu 1994, chaka chimene a Bakili Muluzi analowa m'boma, pa sekondale ina yogonera pompo m'chigawo chapakati. Sinditchula sukuluyo, ndipo munthuyo ndingomutcha dzina limene tinkamuitanira: Namba 9. Ankamenya kutsogolo mu timu ya sukulu, ndipo tili Fomu 3 anamusankha kukhala pulifekiti wa kuholo yodyera. Amene anadya mgaiwa ndi nyemba za anankafumbwe kusukulu zogonera akudziwa kuti munthu wogwira chipande ndi mfumu. Ine ufumu wanga unali m'kalasi. Nambala wani teremu iliyonse, usiku kuwerenga miyendo ili m'ndowa ya madzi kuti tulo tisabwere.

Ndiye ndinakonda mtsikana wa Fomu 2. Pakamwa panali polemera, choncho ndinalemba kalata ya Chingerezi, mawu ake ochita kufukula m'dikishonale, ena mwa iwo mpaka lero sindidziwa ngati ndinawaika pamalo pake. Ndinatuma kamnyamata ka Fomu 1. Kamnyamatako kanagwidwa pakhomo la holo. Linali tsiku la nyama, tsiku lokhalo limene palibe ankajomba, ndipo Namba 9 anakwera patebulo, n'kuwerenga kalata yonse mokweza, akuima pa liwu lililonse lalitali kufunsa holo ngati pali amene akulidziwa. Mtsikana uja anathawa akulira. Ine ndinatuluka ndi dzina latsopano: Dikishonale. Ngakhale aphunzitsi a Geography anafika pomandiitana choncho.

Mwana wanga atamva nkhaniyi anati ndi chimodzimodzi ndi filimu ija. Ndinamukanira, ndipo apa ndi pamene pagona kalata yanga. Mufilimumo anthu akulimbirana kutchuka: ndani ankakhala tebulo la odziwika, ndani anavina ndi ndani pa dansi yotsanzikana. Kwathu mpikisano unali wa moyo. Kuti ufike pa sekondale yogonera unkayenera kusankhidwa pa mayeso a Sitandade 8, ndipo ambiri tinabwereza kalasi imeneyo kawiri kapena katatu. Otsala ankapita ku MCDE, zimene pambuyo pake zinasanduka ma CDSS, ndipo ife tinkawayang'ana ngati anthu a mtundu wina. Kenako JCE, kenako MSCE, kumene amawerenga mapointi a maphunziro asanu ndi limodzi amene wakhoza bwino, ochepa ndiye abwino. Nthawi imene ndinkalemba mu 1997 yunivesite ya boma inali imodzi yokha, ya Mzuzu isanayambe kulandira ophunzira. Maina a opita ku Chancellor College, ku Polytechnic kapena ku Bunda ankawerengedwa pa wailesi ya MBC, mudzi wonse makutu ali tcheru. Mnzako wa pa desiki sanali mnzako chabe, anali munthu amene angakulande malo. Anatiphunzitsa kuyezana, ndipo palibe anabwera kudzatiuza kuti mayeso atha, ikani zolembera pansi.

Ndinapeza mapointi 19. Dzina langa pa wailesi silinamveke. Ndinaphunzitsako pa sukulu ina yoyima payokha, malipiro ake osafika pa 15 mwezi, mpaka mu 2007 ndinakwera basi: Mwanza, Tete, Nyamapanda, Beitbridge, n'kudzatsikira pa Park Station ndi chikwama chimodzi, satifiketi ili mu pulasitiki pansi pa zovala. Satifiketiyo palibe anaifunsapo. Ndinayamba ndi kudula kapinga ku Randburg, pano ndimayang'anira nyumba zamdadada, kusintha mababu ndi kutsegula mapaipi otsekeka. Ndi ntchito yabwino, yalera ana atatu. Koma mukanandiuza zimenezi mu 1996 ndikanakutukwanani m'Chingerezi.

Joni sadziwa mapointi. Kuno ndaona amene anali hedi boyi akuchapa magalimoto, ndi amene ankathawa pulepu akulemba anzawo ntchito. Mu 2019 ndinapita ku msonkhano wa kagulu kathu ka Amalawi ku Turffontein, kamene timasonkha R100 pamwezi kuti wina akatisiya thupi lipite kwawo. Ndikulowa chonchi, mayi akunyumba ali pambuyo panga, ndinangomva mawu kuchokera kumbuyo kwa holo: "Dikishonale! Aise, uli moyo?" Anali iyeyo. Wanenepa, tcheni m'khosi, makiyi a galimoto akuzunguza pachala. Munthu amene analephera Chingerezi pa MSCE, motero osalandira satifiketi, tsopano ali ndi magalimoto awiri a mabaki okoka ngolo, amanyamula katundu wa anthu kuchoka kuno kupita ku Blantyre ndi ku Lilongwe. Anandikumbatira ngati m'bale wake. Ine ndinamwetulira, koma m'mimba munali mutawira. Mayi akunyumba anafunsa panjira kuti dzina limenelo likuchokera kuti, ndipo ndinanama kuti ndi chifukwa cha nzeru.

Akuluakulu anati mlandu suwola, ndipo wanga unali ukadali wauwisi. Chaka chotsatira gulu linafuna msungichuma, anthu n'kutchula Namba 9. Ndinaimirira, ndi ulemu wonse, n'kufunsa ngati kuli kwanzeru kusungitsa ndalama munthu amene masamu ankapeza 9. Anthu anaseka, iye anasekanso, koma maso sanaseke. Anapambanabe. Kuyambira pamenepo chilichonse chimene wanena ine ndinkatsutsa, chimene ndanena ine iye ankachigwetsa. Pa gulu la WhatsApp ndinkamukonzera masipelo. Bambo wa imvi, dikoni kutchalitchi, kukhala pakati pa usiku kudikira kuti munthu alakwitse liwu!

Mpaka apa ndi nthabwala, ndipo wopanga filimu akhoza kuzitenga momwemo. Chotsatirachi sichiseketsa. Mnyamata wina wa ku Mangochi, wosoka zovala ku Mayfair, anamwalira mwadzidzidzi. Amene anatumizapo maliro kuchoka kuno akudziwa kuti tsiku lililonse thupi likagona kumalo osungira mitembo ndi ndalama, kuwonjezera pa bokosi, kukonza thupi ndi mapepala a mbali zonse ziwiri. M'thumba la gulu munali mopanda mphamvu. Namba 9 anati iye anyamula bokosi pa ngolo yake, timupatse ya mafuta ndi ya m'malire basi. Ine ndinati ayi, msungichuma sangadzilembe yekha ntchito, tifufuze kaye mitengo kwina. Pakamwa zinkamveka ngati chilungamo. Mumtima ndinkadziwa kuti ndikuyankha kalata ija. Tinataya sabata yathunthu, mayi a malemu akuimba foni tsiku ndi tsiku kuchokera kumudzi, anthu atasonkhana kale pasiwa. Anatithetsa ndi mayi wina wachikulire amene wagwira ntchito za m'nyumba ku Sandton kuyambira tisanabwere tonsefe. Anati, "Ana inu, ngati muli ndi nkhani yanu ya kusukulu, tulukani mukamenyane panja. Mwana wa eni akuzizidwa mu fuliji." Namba 9 ananyamuka ndi bokosi m'mawa mwake. Mitengo imene ndinapeza kwina inali yokwera kuwirikiza.

Filimu ija inatha anthu awiri aja akukumbatirana, nyimbo ikulira, aliyense wapepesa. Pamenepo ndi pamene ndinaona kuti olemba ake atinamiza, kapena kwawoko zimatheka. Ine itangotha ndinatuluka panja ndi foni. Ndinali ndi fuliji yoti ipite kwa mayi anga ku Dedza, ndipo kwa miyezi itatu ndinkafunafuna wonyamula wina aliyense kupatula Namba 9. Ndinamuimbira. Titagwirizana za fuliji ndinalimba mtima n'kumufunsa ngati akukumbukira zimene anandichita m'holo muja. Anakhala chete pang'ono, kenako anati, "Kalata? Inali yako ija? Ine ndimayesa inali ya uja wa ku Kasungu." Akonzi, zaka zonsezi ine ndikusenza mwala, mwini wake sakudziwa n'komwe kuti anauponyera ndani.

Koma sanathere pomwepo. Anati, "Ine chimene ndimakumbukira ndi masamu." Aphunzitsi athu ankabweza mapepala kuyambira wapamwamba kutsika m'munsi, ndipo pepala lomaliza nthawi zambiri linkakhala lake. Akuti likamafika, ine ndinkafuula kuchokera kutsogolo kuti, "Wotseka chitseko!" kalasi yonse n'kugwa nacho chiseko. Akuti ankapita kuseri kwa labu kukalira, ndipo bambo ake atamva dzinalo pa tsiku lotsekera sukulu anamumenya pamaso pa alongo ake. Ndinafuna kukana. Kenako ndinamva mawu anga omwe m'mutu, kamvekedwe kake ndi kunyada kwake. Ndinkatero ndithu. Ndinali nditaiwaliratu, monga iye anaiwalira kalata.

Tsono pempho langa likupita kwa opanga mafilimu ndi masewero kumudziko. Tinali ndi Izeki ndi Jakobo, malemu John Nyanga ndi Eric Mabedi, amene ankatha kukuseketsa mpaka misozi kwinaku akukusenda. A Shemu Joyah ndi a Joyce Mhango Chavula aonetsa kale kuti filimu ya Chimalawi ikhoza kukapambana kunja. Nanga bwanji ana athu aziseka za sekondale za ku America, za makabati a m'khonde ndi madansi amene sitinawaonepo, pamene nkhani yathu ili apa? Tengani nambala wani ndi wotseka chitseko, muwatsitse pa Park Station patatha zaka makumi awiri, wina agwire fosholo wina agwire chiwongolero, muwaike mu komiti imodzi ya maliro. Musawakumbatiritse kumapeto. Ndipo wa mabukuyo musamupange woyera mtima monga anachitira a ku America aja, chifukwa ife a kutsogolo kwa kalasi tinali ndi nkhanza zathu, kungoti zathu aphunzitsi ankaziombera m'manja.

Mawu oti pepani sindinanene, Namba 9 nayenso sananene. Lachiwiri anabwera kudzatenga fuliji ija. Ndinkayembekeza kuti mwina andichotserako kangachepe, poti tayankhulana ngati anthu, koma analipiritsa mtengo wonse, n'kuwerenga ndalamazo kawiri pamaso panga mosalakwitsa ngakhale pang'ono. Atamanga katoni anatulutsa cholembera chakuda chija n'kulemba dzina la mayi anga, mudzi ndi nambala ya foni. Pamalo a wotumiza analemba zilembo zikuluzikulu: DIKISHONALE. Mayi aimba dzulo kuti fuliji yafika bwino, koma akufunsa kuti ameneyu ndani.

Wowerenga wanu,
Rosettenville, Johannesburg