Mphindi zitatu basi

Mwana wanga,

Amayi ako andiuza kuti ukunyamuka Lachiwiri, ndipo kumsonkhanoko akupatsa mphindi zitatu zokha zofotokozera kafukufuku wako wa usipa. Poyamba ndinaseka, koma usiku tulo sindinatione. Iwe, mphindi zitatu? Iwe amene paukwati wa mlongo wako unalankhula mpaka nsima kuzizira, azakhali ako akungoyang'ana pansi?

Usakwiye, matendawa unatengera ine. Chaka china pamsonkhano wa aphunzitsi anandiimbira belu ndikadali pothokoza wapampando. Mfundo yanga ndinabwerera nayo kunyumba m'thumba la jekete, thukuta lili kamukamu, Mzuzu akuzizira chonchi.

Ndafufuzako ndithu. Zimenezi zinayambira ku University of Queensland ku Australia mu 2008: mphindi zitatu, chithunzi chimodzi chosasintha, ukapyola nthawi watuluka mumpikisano. Ku Tokyo anayambitsanso yawo, PechaKucha, zithunzi 20, chilichonse masekondi 20, ndipo chimachoka chokha kaya wamaliza kaya sunamalize. Wotchi siidziwa kuti unagona ndi njala pochita kafukufukuyu.

Ndiye moni wautali uja umusiye konkuno ku Luwinga. Olemekezekawo mayina awo akuwadziwa kale. Yamba ndi usipa. Uwauze za mayi wa ku Nkhata Bay amene usipa wake umawonongeka pathandala mvula ikagwa, kenako unene chimene wapeza. Chimodzi, mwana wanga. Zotsalazo akakufunsa okha pa tiyi. Pachithunzipo usakadzaze malemba ngati bolodi la Sitandade 8, munthu sangamawerenge uku akukumvera.

Komanso usakathamange. Ndimakudziwa, ukaona nthawi ikutha umayamba kumeza mawu ngati uli pamzere wa phala. Zikachuluka chotsako zina, ngakhale zimene umazikonda. Ndikukumbuka uli Sitandade 3, unkalakatula ndakatulo pang'onopang'ono, manja kumbuyo, tchalitchi chonse zii. Kaya mwana uja anapita kuti!

Uyeserere mokweza, foni ili patebulo ikuwerenga nthawi, ngakhale kakhumi. Kenako uwaimbire amayi ako uwalankhulire zonse. Akakufunsa kuti "ndiye wati chiyani?", udziwe kuti ntchito ikadalipo.

Ndabwerezanso, moni ukhale wa mawu awiri. Juzi usaiwale, ndipo khofi amayi ako aika m'thumba lam'mbali la chikwama.

Ukatsika pansanjapo utiimbire. Apo pokha ulankhule mmene ungafunire, mayunitsi ndigula ine.

Bambo ako