Lipoti la msonkhano wa olemba pa intaneti womwe munanditumako

Apampando, alembi ndi mamembala nonse, ndabwerako. Zikomo pondikhulupirira. Msonkhanowu unachitika Loweruka muholo ina cha ku Ginnery Corner, ndipo chenji cha ndalama ya minibasi ndapereka kale kwa amsungichuma.

Munandituma kuti ndikamve ngati gulu lathu likufunika tsamba lakelake pa intaneti, poti ndakatulo ndi nthano zathu zonse zikungothera pa Facebook ndi pa WhatsApp. Ine ndabwera ndi yankho loti inde, ndipo tisazengereze.

Chigawo cha m'mawa chinali cha mbiri. Dzina loti weblog, kutanthauza tsamba la pa intaneti lomwe munthu amalembapo zake, analiyambitsa Jorn Barger mu 1997, ndipo Peter Merholz analifupikitsa kukhala blog mu 1999, chaka chomwenso Blogger, malo otsegulirapo masamba otere, inayamba. Inzake, WordPress, inabwera mu 2003. Masiku amenewo munthu ankatsegula tsamba lake, kulembapo zakukhosi, n'kundandalika m'mbali mwake masamba a anzake kuti mlendo akachoka kwa iye akachezenso kwa enawo. Ankakumananso pamasom'pamaso, monga pa msonkhano wa BloggerCon ku yunivesite ya Harvard mu 2003.

Holo inatekeseka titafika pa nkhani yakwathu. Tonse timam'dziwa William Kamkwamba wa ku Wimbe, ku Kasungu, koma ndi angati akudziwa njira yomwe mbiri yake inadzera? The Daily Times inalemba za makina ake amphepo mu 2006. Soyapi Mumba anaonetsa nyuzipepalayo kwa Mike McKay, yemwe anailemba patsamba lake lotchedwa Hacktivate. Emeka Okafor, mmodzi wa okonza msonkhano wa TEDGlobal, atamva nkhaniyo anam'funafuna mnyamatayo, ndipo mu 2007 William anakayankhula ku TEDGlobal ku Arusha. Onani, anzanga: tsamba la munthu mmodzi, losalipidwa ndi aliyense, linaolotsa nkhani ya kumudzi.

Koma chomwe sichikundichoka m'mutu n'cha bambo ena a imvi omwe ndinakhala nawo benchi imodzi. Iwo ankalemba kale tisanayambe kugwira mafoni amakonowa. Amati ankayamba alemba m'kope kunyumba, kenako n'kupita ku kafe ya intaneti ku Limbe kukataipa mothamanga, chifukwa ankalipira pa mphindi. Tsamba lawo linali pa GeoCities, yomwe Yahoo inatseka mu 2009. Kope lija linadyedwa ndi chiswe, ndipo iwo anangoti basi zapita.

Nthawi ya nkhomaliro mtsikana wina anawafunsa ngati akukumbukira adiresi ya tsambalo. Anailemba kuseri kwa risiti, dzanja likunjenjemera. Iye anailowetsa pa Wayback Machine, malo osungirako masamba akale. Zithunzi sizinabwere, koma mawu ena anatuluka, kuphatikizapo ndakatulo yolira mayi awo. Anavula magalasi, anapukuta ndi nsonga ya malaya, n'kuwerenga chapansipansi mpaka kumapeto. Tonse amene tinali pafupi tinasiya kudya.

Pamenepo m'pomwe ndinaganiza za ife. Zaka zonsezi zolemba zathu zili m'nyumba ya lendi. Tsiku lomwe mwini wake adzasinthe loko, tidzatola chiyani? Ndani mwa ife angapeze lero ndakatulo yomwe tinaika pagulu la WhatsApp chaka chatha?

Sikuti onse anavomereza. Achinyamata ena anati bandulo ya Facebook ndi WhatsApp ndiyo yotchipa, ndiye owerenga sangaononge deta yawo kutsegula tsamba lina. Akunena zoona, ndipo tisawanyoze. Yankho lomwe linandigwira mtima ndi la anthu a IndieWebCamp, gulu lolimbikitsa kuti aliyense akhale ndi tsamba lakelake, omwe anayamba kukumana ku Portland mu 2011: yamba waika cholemba chako patsamba lako, kenako uchikopere kumene kuli anthu. Owerenga a pa Facebook sitiwataya, koma nkhokwe ikhala pakhomo pathu.

Chimodzi chinandiwawa. Zokambirana pafupifupi zonse zinali m'Chingerezi. Nditakweza dzanja n'kufunsa za Chichewa, m'pamene ena anaulula kuti nawonso amalemba m'chilankhulo chathu koma amachita manyazi kuika poyera. Ndinatenga manambala awo, ndipo akufuna kudzatichezera.

Tsono pempho langa ndi ili. Tiyambe ndi tsamba laulere pa Blogger kapena WordPress mwezi uno. Thumba likalola, tilembetse dzina lothera ndi .mw, lomwe amayang'anira ndi a bungwe la Malawi SDNP konkuno ku Blantyre; limalipiridwa chaka ndi chaka, choncho amsungichuma akafunse mtengo. Pasiwedi isakhale ndi munthu mmodzi, ndipo chilichonse chomwe taika tizichisunganso pa fulashi ndi papepala.

Loweruka likudzali aliyense abwere ndi zolemba zake ziwiri zomwe amazikonda kwambiri, ngakhale zili m'kope long'ambika. Laputopu ndibwereka kwa achimwene anga, ndipo ndiyamba ndine kutaipa.