Sikelo ikamugwira dalaivala, wopakira katunduyo amakhala ali kuti?

Akonzi,

Ndawerenga nkhani yanu ija ya mathiraki onyamula ovalodi omwe akutigumulira misewu, ndipo zomwe munalembazo nzoona, M1 sikutha chifukwa cha mvula yokha ayi. Koma mtima wanga sunakhale m'malo nditaona kuti nkhani yonse chala chikuloza madalaivala okhaokha, ngati dalaivala ndi amene amadzuka m'mawa nkuganiza kuti lero ndiwonjezere matumba 60 a feteleza pamwamba. Ine ndine dalaivala wa thiraki, chaka chino ndi chachisanu ndi chinayi ndili pa chiwongolero kuno ku America, ndimakhala ku South Bend mu Indiana komwe a Malawi tilipo ambiri ndithu, ndipo achimwene anga kumudziko amayendetsa ya Beira kupita ku Lilongwe. Ndiye nkhaniyi imandikhudza mbali zonse, ndiloleni ndiyankhulepo.

Kuno lamulo la boma lalikulu la ku Washington limati pa misewu ikuluikulu yodutsa dziko lonse yotchedwa Interstate thiraki yonse, mutu, ngolo, katundu, dizilo ndi dalaivala yemwe, isapitilire mapaundi 80,000, amene ndi matani 36 kuphatikiza pang'ono. Koma sikelo simangoona kulemera konse pamodzi. Axle imodzi payokha, chitsulo chija chogwira matayala a mbali ziwiri, isadutse mapaundi 20,000, ma axle awiri oyandikana omwe timawatcha tandem asadutse 34,000, ndiye pa thiraki wamba ya ma axle asanu ife timawerengera 12,000 kutsogolo, 34,000 pansi pa mutu ndi 34,000 kumapeto kwa ngolo. Utha kukhala uli pa 77,000 bwinobwino koma nkugwidwabe chifukwa katundu anamuunjika kumbuyo. Palinso masamu ena a milatho, amayang'ana kutalikirana kwa ma axle, chifukwa katundu yemweyo akakhala pa thiraki yaifupi amalemera pamalo amodzi pa mlatho kusiyana ndi akakhala pa yaitali.

Manambalawa sanangowatola pansi. Kuyambira 1958 mpaka 1960 ku Ottawa mu Illinois anamanga misewu yozungulira yoyesera, asilikali nkumayendetsapo malole olemera mosiyanasiyana usana ndi usiku mpaka phula kusweka, akatswiri akulemba. Zomwe anapeza ndi zoti ukachulukitsa kawiri kulemera kwa axle, msewu suwonongeka kawiri ayi, umawonongeka mwina ka 16. Nchifukwa chake matani awiri kapena atatu owonjezera omwe bwana amati aaa ndi pang'ono awa, pansi pa phula ndi nkhani yaikulu kwambiri. Mizere iwiri yokumbika ija mumaiona pa chitunda pomwe malole amakwawa, imachokera pamenepo.

Chovuta kuno nchoti boma lililonse mwa maboma 50 omwe amapanga dziko la America lili ndi malamulo akeake ukangochoka pa Interstate, ndipo ena ngakhale pa Interstate pomwepo anawasiyira malamulo awo akale. Kuchokera pakhomo panga kukafika malire a Michigan ndi mphindi zochepa chabe, koma ukangodutsa pamenepo ukumana ndi zimathiraki za ma axle 11 zololedwa kunyamula mpaka mapaundi 164,000, matani 74 amenewo. Anthu akamva amadabwa, koma nzeru yake ndi yomwe ija, matayala ambiri kuti axle iliyonse inyamule zochepa. Ku Michigan komweko chisanu chikamatha, cha mu Malichi umu, nthaka yomwe inauma ndi ayezi imayamba kusungunuka msewu nkufewa pansi ngati phala, ndiye misewu yambiri amaitsitsira malire kwa masabata angapo mpaka iume. Ine ndikaona zimenezi ndimaganiza za misewu yathu mu Januwale ndi Febuluwale, nthaka itakhuta madzi, koma malole akudutsa ndi katundu yemwe uja wa mu Okutobala. Kale kusiyana kwa malamuloku kunali koipa kuposa pano, Illinois, Missouri ndi Arkansas anakakamira pa 73,280 pamene anzawo anali atakweza, thiraki yochokera kum'mawa kupita kumadzulo inkatsamwa pakati, mpaka lamulo la 1982 linawakakamiza onse kulola 80,000 pa Interstate.

Tsono pemiti. Apa mpomwe anthu ambiri samvetsa, amaganiza kuti pemiti ya ovaweti ndi pepala lomwe munthu wandalama amagula kuti anyamule zochuluka. Mwa lamulo la kuno pemitiyo kwenikweni ndi ya katundu yemwe sangagawidwe, chi transifoma cha magetsi, chigiredala, chitsulo cha mlatho, zinthu zoti ukazimasula zawonongeka kapena kumasula kwake kutenga maola a ntchito opitilira 8. Umapempha ku boma lililonse lomwe udutse, ukadutsa maboma anayi ndiye kuti mapemiti anayi, ndipo amakulembera njira yeniyeni, msewu wakuti, mlatho wakuti osadutsapo, nthawi zambiri kuyenda masana okha, chikakhala chachikulu kwambiri umaperekezedwa ndi magalimoto a magetsi ophethira kutsogolo ndi kumbuyo. Ukapatuka njira yolembedwayo pemiti ija yafa, akulipitsa ngati unalibe. Zoona, maboma ena amapatsako mwayi alimi nthawi yokolola kapena odula mitengo pa misewu yawo, ndipo ineyo sindimasangalala nazo, chifukwa simenti, chimanga, feteleza, shuga ndi zinthu zoti utha kutsitsa matumba 40 nkubweretsa thiraki ina. Pemiti ikayamba kuperekedwa pa katundu wa m'matumba ndiye kuti lamulo lija lagulitsidwa basi.

Zomwe zandichititsa kulemba ndi zomwe zinandionekera ndekha. Chaka changa chachiwiri ananditumiza ku weyahausi ina kukatenga ma pallet a zakumwa za m'mabotolo. Kumeneko dalaivala sakulola kulowa mkati, umabwerera m'mbuyo nkugunditsa ngolo pa chitseko, umakhala mu kabu ukuyang'ana kagetsi kofiira kuti katembenuke gilini, ukungomva folokolifiti ikulowa nkutuluka thiraki ikugwedezeka. Atatha anatseka nkumanga kachingwe kawo ka chidindo pa chitseko, pepala likuti mapaundi 43,500. Ndinafunsa mayi wa pa windo ngati ali ndi sikelo, anati alibe, ndikayeze kutsogolo. Vuto linali loti malo oyezera olipira omwe anali pafupi anali kuseri kwa sikelo ya boma, njira ina panalibe. Nditakwera pa sikelo ya bomayo sipika inangoti driver pakani kumbuyo mubwere ndi mapepala. Kumbuyo kwa ngolo kunali 36,200, kupyola ndi 2,200. Ndinatuluka kunja kukuzizira zala kuchita kuuma, kukoka chitsulo cha ma pini omwe amalowa m'mabowo nkugwira ma tandem a ngolo, kukwera mu kabu kusuntha ma tandemwo kuti kulemera kusamuke, kutsika kukaona, kukweranso, bowo lililonse limasamutsa mapaundi mazana angapo okha, ndinafika bowo lomaliza lololedwa koma sizinakwane chifukwa anyamata aja anali ataunjika ma pallet awiriawiri kuchitseko. Tikiti inatuluka m'dzina langa. Weyahausi inati katundu akatuluka pageti si wathunso, kampani yanga inati dalaivala ndiye amayenera kuyeza, ndipo malipiro a sabata imeneyo anathera pamenepo, kunyumba kuli mwana wakhanda ndipo kumudzi akudikira ya fizi. Munthu yemwe anaika ma pallet aja sanataye ngakhale senti imodzi, mawa lake anapakiranso mnzanga wina chimodzimodzi.

Chichokereni tsiku limenelo sindidutsa CAT Scale ndili ndi katundu wolemera osayeza, masikelo a zikwangwani zachikasu aja omwe ali pa malo ambiri omwetsera mathiraki. Umalipira madola ochepa, amakupatsa kapepala koonetsa kutsogolo, pakati ndi kumbuyo, zikavuta umabwerera komwe unapakira ndi umboni m'manja kuti tsitsaniko. Kapepala kameneko ndi komwe kamamupatsa mphamvu dalaivala pamaso pa bwana. Achimwene anga kumudziko alibe kapepala ngati kameneko. Amapakiridwa, amauzidwa kuti ndi matani akuti, amanyamuka, kudutsa pa mlatho wa Kassuende ku Tete, ndipo koyamba kudziwa kulemera kwenikweni kwa thiraki yawo ndi pomwe aima kale pa sikelo ya boma, pamene kubwerera kulibe. Akakana katundu poyambirira bwana amangoti siyani makiyi, kunjaku kuli anyamata khumi a laisensi yomweyo akufuna ntchito. Mukawaona akuyenda pakati pa usiku kapena akukhala masiku pa boda kudikira, musathamangire kunena kuti ndi umbava wa madalaivala, ambiri mwa iwo ovalodiyo sawonjezera kalikonse m'thumba mwawo, phindu la matani owonjezera limapita kwa mwini katundu ndi mwini thiraki, pamene mabuleki akakana pa chitsetso wofa ndi iyeyo ndi anthu a mu minibasi yakutsogolo.

Sindikunena kuti ife ndife oyera. Konkuno ku Indiana, mu tauni ya Paoli, pa Khrisimasi ya 2015 dalaivala wina analowetsa thiraki yodzaza madzi a m'mabotolo pa mlatho wachitsulo womangidwa mu 1880, chikwangwani chikunena poyera kuti matani 6, mlatho nkugwa thiraki ili pomwepo. Anauza apolisi kuti sankadziwa kuti matani 6 ndi mapaundi angati. Ameneyo analakwa, ndipo omwe anamuphunzitsa nkumupatsa makiyi analakwanso. Dalaivala woona chikwangwani nkuchinyalanyaza alangidwe, sindingamuikire kumbuyo. Zomwe ndikukana ndi zoti chilango chizithera pa iye yekha nthawi zonse chifukwa ndi amene wapezeka pa msewu.

Sitikusowa kopita kukaphunzira, pafupi pomwepa ku South Africa kuyambira 2015 malamulo awo a pamsewu amagwiranso wotumiza katundu ndi wolandira yemwe, makampani onyamula katundu wochuluka amayenera kukhala ndi njira yodziwira kulemera kwa thiraki isanatuluke pageti ndi kupereka pepala lonena zoona. Mayiko a SADC ndi COMESA anagwirizana kale za malire a matani 56 pa thiraki yonse, ndiye nambala tili nayo, chomwe ndikupempha ndi choti pepala la chindapusa likhale ndi maina atatu, dalaivala, mwini thiraki ndi yemwe anapakira, ndipo gawo lalikulu lipite kwa yemwe anadya phindu. Fakitale ya simenti, depoti ya feteleza, mgodi wa malasha, malo aliwonse opakira mathiraki tsiku ndi tsiku akhale ndi sikelo yawo yoyeza axle iliyonse, dalaivala azituluka ndi kapepala kosainidwa. Pemiti ikhale ya makina osagawika okha, ndi njira yolembedwa. Ndipo thiraki ikapezeka yapyola, katundu wowonjezerayo atsike pomwepo pa ndalama za mwini wake, osati kulipira nkupitiliza ulendo ndi katundu yemweyo ngati chindapusa chapepukitsa matumba.

Anthu akulipira pa Chingeni ndi pa Kalinyeke tsiku lililonse, wa minibasi, wa kagalimoto kake, wopita kumaliro, ndalama yoti ikonze misewu, ndiye kumawawa kuona phula latsopano likukumbika mizere lisanathe zaka ziwiri chifukwa cha anthu ochepa omwe sadziwika nkomwe maina. Akonzi, mukadzatumanso mtolankhani wanu pa nkhaniyi, asakaime pa sikelo pokha kujambula madalaivala atagwira mapepala. Akatenge thiraki imodzi yogwidwa, aone pepala la katundu, atsate adilesi yomwe yalembedwapo mpaka akafike pageti pomwe inapakiridwa, akafunse a pamenepo ngati ali ndi sikelo ndipo ndani anasaina. Achimwene anga ati ngati akufuna womulondolera njira iwo alipo, bola dzina lawo lisatuluke mu nyuzi chifukwa ntchito akuifunabe.

Dalaivala wa thiraki,
South Bend, Indiana