Kalata kwa Pulezidenti wa FAM: Musatitayire Osewera Apakati Asanakhwime

Olemekezeka a Fleetwood Haiya,

Ndife aphunzitsi a mpira wamiyendo wa atsikana ndi amayi. Nkhani yathu ndi ya osewera apakati, ndipo tiyiyambira ku Kansas City, m'dziko la America, komwe mwana wathu Temwa Chawinga akusewera.

Palibe wokonda mpira kuno amene sadziwa kuti mu 2024 Temwa adamwetsa zigoli 20 mu ligi ya mpira wa amayi ya ku America, NWSL, n'kuphwanya rekodi ya zigoli 18 pa sizoni imodzi ya Sam Kerr wa ku Australia. Koma ndi ochepa amene amayang'ana mayi amene amasewera pakati, kumbuyo kwake, kaputeni wa Kansas City Current, Lo'eau LaBonta. Iyeyu adabadwa mu 1993 ku California ndipo adasewerera yunivesite ya Stanford. Mu 2015 timu ya Sky Blue FC idamutenga, adasewera masewero owerengeka chabe, kenaka adamutaya. Chaka chimenecho malipiro otsikitsitsa mu ligiyo adali $6,842 pa sizoni yonse. Mu 2016 adalowa FC Kansas City, koma timuyo idatha kumapeto kwa 2017, osewera ake n'kusamutsidwira ku Utah Royals. Adabwerera ku Kansas City mu 2021. Timu ya dziko lake idamuitana mochedwa kwambiri: pa 31 May 2025, kochi wa timuyo, Emma Hayes, adamulowetsa pa masewero olimbana ndi China ali ndi zaka 32, ndipo panalibe yemwe adayambapo kusewerera timuyo ali wamkulu chotero.

Zaka khumi zimenezo, kuchokera pomwe adatayidwa kufika pomwe adavala yunifomu ya dziko lake, ndiye mutu wa kalata ino. Wosewera kutsogolo amaoneka msanga chifukwa liwiro ndi chigoli sizibisika, ngakhale pa mwana wa zaka 15. Wapakati amapsa pang'onopang'ono. Nzeru yodziwa pamene afulumizitse mpira ndi pamene auziziritse imabwera atasewera masewero ochuluka ndi kulakwitsa kambirimbiri. Kuno kwathu mtsikana wotere amasiya mpira nzeruyo isanafike: ukwati, mimba, bondo, kapena kungosowa ya sopo. Kodi LaBonta akadakhala wa ku Chilomoni kapena ku Chibavi, akadafika zaka 32 ali m'bwalo?

Choyamba, bwana, tikupempha kuti maphunziro a makochi a matimu a atsikana akhale ndi gawo lakelake la osewera apakati. Zofunika si zodula. Makoni anayi, bwalo la mamita 10 mbali zonse, osewera anayi m'mbali ndi awiri pakati olanda mpira, mphindi 15 tsiku lililonse lokonzekera. Poyamba aziugunda kawiri, akazolowera kamodzi. Chomwe kochi ayenera kuyang'ana si mapazi ayi, koma mutu: mwanayo acheuke kuona kumbuyo kwake mpira usadamufike, aime chammbali osati chofulatira golo la adani, ndipo aulandire ndi phazi lomwe lili kutali ndi yemwe wamupatsira. Akaulandira ndi phazi lapafupi, mpira umamutsekera yekha njira, ndiye amaubwezera kumbuyo kapena kungoumenya m'mwamba. Apa ndi pamene pamachokera mpira wathu wa "menyera Temwa athamange". Ukakumana ndi timu yomwe otchinga kumbuyo ake abwerera pafupi ndi goloboyi, malo othamangira amasowa, ndipo timu yopanda wapakati wodziwa kuboola ndi mpira wapansi imangozungulira mpaka wezulo yomaliza.

Mabwalo athu ambiri ndi a fumbi ndi mabampu, ndipo mpira ukamadumphadumpha mwana amaweramitsa mutu kuti auone. Wozolowera kuwerama sacheuka. Matimu a amayi apatsidweko nthawi yokhazikika pa mabwalo osalala, osati kudikira kuti abambo amalize dzuwa litapendeka.

Chachiwiri ndi bondo. Mtsempha wa m'kati mwa bondo wotchedwa ACL umaduka kawirikawiri mwa amayi kuposa abambo, ndipo nthawi zambiri popanda womugunda: wosewera waponda, phazi lakanirira pansi, bondo lapindikira m'kati pamene akutembenuka. Wapakati amatembenuka chotere masewero onse. Kuchira kumafuna opaleshoni ndi miyezi isanu ndi inayi kapena kuposerapo, zomwe kwa mtsikana wopanda inshuwalansi ndi kutsanzikana ndi mpira. Pali ndondomeko ya FIFA 11+, ya mphindi 20, yotenthetsa thupi ndi kulimbitsa ntchafu, chiuno ndi katsikidwe munthu akadumpha. Imagwira ntchito ikamachitika kosachepera kawiri pa sabata, sizoni yonse. Ikhale lamulo kwa timu iliyonse yolembetsa mu ligi, ndipo ndalama zolembetsera ziphatikizepo inshuwalansi ya ovulala.

Za uchembere malamulo alipo kale. Kuyambira mu January 2021 FIFA idalamula kuti wosewera wa kontirakiti apatsidwe tchuthi cha masabata osachepera 14, azilandira magawo awiri mwa atatu a malipiro ake, ndipo asachotsedwe chifukwa cha mimba. Lamuloli limateteza yemwe ali ndi pepala losainidwa. Tikupempha FAM ikonze kontirakiti imodzi yachidule, m'Chichewa, m'Chitumbuka ndi m'Chingerezi, yomwe timu iliyonse izigwiritsa ntchito. Ku America nako zidasintha pamene zinthu zidalembedwa: mgwirizano wa osewera ndi ligi wa mu 2022 udakweza malipiro otsikitsitsa kufika $35,000.

Chotsiriza n'cha kasankhidwe ka ma Scorchers. Timu yomwe idatenga chikho cha COSAFA mu 2023 itagonjetsa Zambia 2-1 idzafuna olowa m'malo, ndipo lipoti la masewero limangolemba omwetsa zigoli. Masewero a ligi azijambulidwa ndi foni imodzi yoikidwa pamalo okwera, moyang'anizana ndi mzere wapakati, kuti osankha timu aziwerenga mipira yomwe wapakati walanda, yomwe wataya, ndi yomwe wapititsa kutsogolo. Akamaonera kanemayo, dzina la wosewera wa zaka 28 kapena 30 lisadumphidwe chifukwa cha chaka chake chobadwa.

Ife anu pa ntchito yotukula mpira,
Aphunzitsi a mpira wa atsikana ndi amayi